Ana a Eni pa Khrisimasi

Amai anzathu a Mvano, pamene ife kuno ku Mwanza tikupalira chimanga ndi kusunga mpunga wa Khrisimasi, tikumbukire amishoni a mpingo wa Mormon amene timawaona ku Blantyre akuyenda awiriawiri m'matope. Anyamatawo amachoka kwao zaka 2, asungwana miyezi 18. Kufikira 2019 ankaimba lamya kwao kawiri kokha pachaka, kamodzi pa Khrisimasi. Pachiphunzitso timasiyana nawo, komabe mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akafika pakhomo tisavutike ndi tiyi, pakuti samwa, tiwapakulire nsima. Nafenso tili ndi ana ku Joni ndi ku Tete. Tikatsekera ana a eni chitseko, athuwo adzawatsegulira ndani?