Helikopita ya Nkhondo Yokwana M'dzanja

Pamene ndikulankhula nanu pano, patebulo pafupi ndi ine paima helikopita ya nkhondo. Musachite nthumanzi ayi, pakuti ndi yapulasitiki, ndipo imakwana m'dzanja limodzi. Inandipeza ili zidutswazidutswa m'kabokosi, ndipo ndinatha madzulo ambiri ndikuilumikiza. Ambirife tinakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto, kotero mtima wofuna kuchepetsa chinthu chachikulu timaudziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti luso la lero silikulola kupeka. Khomo lililonse, zenera lililonse, ziyenera kukhala pamene zilili pa ndege yeniyeniyo.

Zidutswazi amazipanga ndi pulasitiki wotchedwa polystyrene. Amamusungunula ndi kumukankhira m'zikombole zachitsulo, ndipo akazizira, zidutswa zimatuluka zili zolumikizika ku timitengo ngati masamba pa nthambi. Kampani ya Airfix ya ku Britain, imene Nicholas Kove anaiyambitsa mu 1939, ndi imodzi mwa zimene zinafalitsa luso limeneli. Inatulutsanso kandege ka Spitfire pa mlingo wa 1:72. Makampani ena odziwika ndi Revell, Italeri ndi Tamiya ya ku Japan.

Tsono mlingo wa 1:72 ndiye chiyani? Sentimita imodzi pa chifanizo imaimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Kwa amene munaphunzira ndi miyezo yakale, inchi imodzi imaimira mafiti 6. Munthu wamtali mamita 1.8 amasanduka kamunthu ka masentimita awiri ndi theka basi. Pamene ndinali kuphunzira zauphunzitsi, phunziro la mlingo wa mapu linkativuta kulifotokoza kwa ana. Ndikanakhala ndi kandege aka nthawi imeneyo, ndikhulupirira kuti sindikanatha choko chambiri pa bolodi.

Helikopita imene ndinasankha ndi Bell UH-1 ya ku Amereka. Yoyamba ya mtundu wake inauluka mu 1956. Dzina limene akuluakulu a asilikali anaipatsa ndi Iroquois, koma poti poyamba inkalembedwa HU-1, asilikali anangoitcha Huey, ndipo dzinalo linakakamira ngakhale zilembozo zinatembenuzidwa mu 1962. Zinapangidwa zoposa 16,000. Mapiko ake ozungulira a pamwamba ndi awiri okha, ndiye chifukwa chake kulira kwake kumamveka kutali ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Ife a pa wailesi, amene ntchito yathu ndi makutu, timaizindikira tisanaione. Pa mtundu wa UH-1H, mapikowo kuchokera nsonga kufika nsonga ndi mamita 14.6. Pa mlingo wa 1:72 amenewa ndi masentimita 20, ndipo pa 1:48 ndi masentimita 30.

Ntchito imayambira m'kati, chifukwa mukatseka mbali ziwiri za thupi la ndege, burashi silidzafikamonso. Mipando, pansi ndi bolodi la mawotchi a woyendetsa mumazipaka utoto poyamba. Malamba a pa mipando kawirikawiri sabwera m'bokosi, koma timizere ta tepi todulidwa ndi lumo timakwanira. Mawaya a m'denga mungawatenge m'chingwe chakale cha magetsi. Timitengo timene tinagwira zidutswa tija musataye: mukakatenthetsa kamodzi pamwamba pa kandulo n'kukakoka pang'onopang'ono, kamatalika ngati ulusi, ndipo mwapeza mlongoti wa wailesi ya ndegeyo.

Guluu wa ntchitoyi sagwira ngati ulimbo. Iye amasungunula pulasitiki pang'ono kuti mbali ziwiri zisanduke chinthu chimodzi. N'chifukwa chake kadontho kakakhala pa chala, chidindo cha chala chanucho chimatsala pa ndege mpaka kale. Yesani kaye kulumikiza popanda guluu, muone ngati zikugwirizana. Pakatsala mpata, mumatseka ndi phala lake ndi kukhula ndi sandipepa wosalala, mosamala kuti timisomali tojambulidwa pa thupi tisafufutike. Makolo, lumo ndi lakuthwa ndipo fungo la guluu si labwino m'chifuwa. Tsekulani zenera, ndipo mwana asagwire ntchitoyi yekha.

Pamene pamagwa anthu ambiri ndi pa magalasi, ndipo inenso ndinagwa pomwepo. Huey ili ndi magalasi aakulu kutsogolo, ena m'munsi pafupi ndi mapazi a oyendetsa, ndi awiri obiriwira pa denga. Usiku wina, nditatopa ndiponso ndikufuna kumaliza msanga, ndinamata galasi lakutsogolo ndi supa guluu. M'mawa ndinapeza layera mbuu m'kati ngati nkhungu ya mwezi wa June. Mpweya wa guluu ameneyu ndiwo umachita zimenezi. Mipando ndi malamba amene ndinavutika nawo mlungu wathunthu zinabisika kuseri kwa nkhunguyo. Ndinachita kulikanganula galasilo ndi nsonga ya mpeni, mtima uli m'mwamba, n'kulipukuta masiku awiri. Mpaka lero pakona pake pali kachipsera. Guluu woyenera pa magalasi ndi woyera uja amagwiritsa ntchito akalipentala, amene akauma saonekanso.

Utoto wa Huey za asilikali a pamtunda a Amereka unali wobiriwira modera, umene Angerezi amati olive drab. Usungunuleni ndi kupaka mopyapyala kawiri kapena katatu, kusiyana ndi kuunjika kamodzi. Kenaka pamabwera ntchito yoikalambitsa ndegeyo: mwaye kumbuyo kwa injini kumene utsi umawomba mchira, utoto wofwifwa ndi dzuwa pa denga, ndi fumbi pansi pamene asilikali ankaponda. Kumapiri a pakati pa Vietnam dothi ndi lofiira ngati katondo, kotero choko chofiirira chopala bwino chimachita zodabwitsa. Koma kunena zoona, ambiri amapyola muyeso, mpaka ndege imaoneka ngati yafukulidwa kudzala. Amakaniko ankazisamala ndegezi, pakuti moyo wa anzawo unali momwemo.

Zizindikiro ndi manambala zimabwera pa pepala limene mumaviika m'madzi, n'kuzitsetsereza pa ndege. Zimafuna pamalo posalala ndi ponyezimira. Mukaziika pa utoto wokhakhala, mpweya umatsekeredwa pansi pake ndipo zimaoneka zotuwa.

Apa ndi pamene munthu amayenera kuima ndi kuganiza. Mnzanga wina wa kuntchito ataiona ndegeyi anandifunsa ngati si kusewera ndi imfa za anthu. Funso lake silinali lopusa. Ma Huey pafupifupi 7,000 anatumizidwa ku nkhondo ya ku Vietnam, imene inatha mu 1975, ndipo oposa 3,000 anawonongeka komweko. Pa nkhondo ya ku chigwa cha Ia Drang mu November 1965, ndiwo ankatula asilikali ndi kubwerako ndi ovulala ndi mitembo. Asilikali a Amereka oposa 58,000 anafa pa nkhondo yonseyo, ndipo anthu a ku Vietnam amene anafa anapitirira miliyoni kutalitali, ambiri mwa iwo anthu wamba. Kwa mlimi wa mpunga, kulira kwa mitondo kuja sikunali nyimbo. Ndege yomweyo inkatha kunyamula mfuti pa makomo, kapena kuvala mtanda wofiira n'kukatola ovulala, ntchito imene ankaitcha Dustoff. Ine ndinasankha mtanda wofiira. Sindinena kuti wosankha mfuti walakwa, malinga ngati akudziwa chimene wamata. Chimene sindigwirizana nacho n'kumupatsa mwana bokosi popanda kumuuza kuti m'mipando imeneyi munkakhala anthu, ndi kuti pansi pakenso panali anthu.

Chotsiriza ndi mapiko. M'bokosi amabwera owongoka ngati rula, koma helikopita yeniyeni ikaima, mapiko ake amawerama pang'ono chifukwa cha kulemera. Aviikeni m'madzi otentha koma osawira, muwapinde pang'ono ndi zala, kenaka muwaike m'madzi ozizira kuti akhazikike. Musawamate ku ndege ayi. Asiyeni ongovulika, chifukwa tsiku losesa m'nyumba ndiwo amayamba kuthyoka. Anga ndawalumikiza kale kawiri.