Foni yasanduka wailesi: mawu kwa achinyamata a ku Bembeke



Ine ndinakula wailesi ili imodzi yokha, ya MBC, ndipo polankhula tinkayamba tacheuka. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 tinkapatsirana mobisa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha nyali, ngakhale kuno ku Dedza ambiri anaponyera tambala wakuda, ndipo pakamwa panatseguka. Lero aliyense wa inu ali ndi wailesi yakeyake m'thumba. Kodi mukuulutsapo chiyani?

Oulutsa a pa foni alipo mitundumitundu. Alipo oseketsa, otsata mapazi a Izeki ndi Jakobo, amene amadzudzula munthu iye akuseka. Alipo oimba: nyimbo ya Linny Hoo ya agogo Giddes Chalamanda inafika maiko akutali kudzera pa TikTok iwo atakalamba kale. Alipo amalonda, monga mdzukulu wanga amene amajambula matumba a kachewere n'kuika pa WhatsApp, ogula a ku Lilongwe n'kumamuimbira okha. Alipo ophunzitsa, oonetsa anzawo ulimi ndi luso la manja.

Ndiye pali obisa nkhope. Ena amatero poopa kumangidwa, ndipo ife amene tinaona nthawi ija sitingawanyoze. Koma ena amabisala kuti aname bwino. Chaka chatha mawu ojambulidwa anazungulira m'mudzi mwathu akuti feteleza wotsika mtengo wafika. Mlongo wanga anagulitsa mbuzi motchipa, nalawirira mbandakucha m'chisanu chathuchi, koma anakapeza potseka. Wolankhulayo sanatchule dzina. Tikamufunsa kuti?

Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limatipatsa ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo mu 2025 khoti linathetsa lamulo lomanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake. Koma dziwani kuti woipitsiridwa mbiri akhoza kukusumirani, mukalipira.

Tsono ana anga, seketsani, vinani, gulitsani. Jambulaninso mlatho wogumuka ndi mjigo wakufa, mutchule malo ndi tsiku, kuti phungu ndi khansala asowe pokanira. Koma musanatumize dzifunseni: kodi izi ndaziona ndi maso? Kodi ndingazinene pabwalo la amfumu, nkhope ili poyera? Ngati simungathe, bwezerani foni m'thumba. Ufulu umenewu ena anakaugonera ku Mikuyu.