Kiyi wa Disiki: Asunge Ndani?

Omvera amene anaphunzira pa sukulu za kumidzi akukumbukira kuti kiyi wa chipinda cha mabuku ndi choko ankakhala m'thumba mwa mphunzitsi wamkulu. Iye akachokapo, ntchito inkaima. Makompyuta oyendera Linux, pulogalamu imene Linus Torvalds anaiyamba ku Helsinki m'chaka cha 1991, ali ndi mwambo wonga womwewo, umene anautengera kwa Unix wa ku Bell Labs wa 1969.

Disiki ya m'kompyuta imagaŵidwa m'zigaŵo. Munthu sangaone za m'chigaŵo kufikira chitalumikizidwa ku mafayilo ena onse a makinawo, ntchito imene akatswiri amaitcha mount. Mwa chikhalire, mphamvu yolumikiza ili ndi woyang'anira wamkulu yekha, wotchedwa root. Si nkhanza ai. Munthu wachiwembu angathe kubwera ndi disiki yokhala ndi pulogalamu imene, ikayatsidwa, imagwira ntchito ndi mphamvu za root, ndipo pomwepo makina onse agwa m'manja mwake.

Komabe kalaliki wofuna kusunga makalata ake sangadikire bwana tsiku lonse. Motero woyang'anira amatsegula fayilo yotchedwa /etc/fstab, nalemba mau oti user pa mzere wa chigaŵocho. Kuyambira pamenepo munthu wamba angathe kuchilumikiza, ndipo wochichotsa ndi iye yemweyo kapena root. Mau ameneŵa amabwera ndi alonda atatu, nosuid, noexec ndi nodev, otsekereza chiwembu chija. Akalemba users, ndi "s" kumapeto, ndiye kuti aliyense angathe kuchotsa ngakhale chimene analumikiza mnzake.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Chigaŵo chalumikizika, mafayilo akuoneka, koma kalaliki uja akafuna kulembamo, kompyuta ikukana kwamtuwagalu. Chilolezo choloŵera m'chipinda sichipatsa munthu ufulu wolemba m'kaundula. Pa chigaŵo cha mtundu wa ext4, mwini wa fayilo iliyonse amalembedwa pa disiki pomwepo, ndipo root ayenera kusintha umwiniwo ndi lamulo la chown. Mtundu wa FAT, wa kampani ya Microsoft, susunga mwini konse. Iye amatchulidwa pa nthaŵi yolumikiza, ndi mau oti uid, pamene umask imanena zimene ena onse aloledwa kuchita.

Woyang'anira wofulumirira kunyumba amangolemba umask=000, madandaulo nkutha tsiku lomwelo. Koma pamenepo aliyense woloŵa m'kompyutayo, ngakhale wophunzira ntchito wobwera dzulo, angathe kufufuta makalata a kalaliki a chaka chathunthu.