Kholo, Mwana ndi Lamulo: Phunziro Lochokera ku Misisi

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi



Nkhani ya lero ndi ya kholo limene lifuna kuphunzitsa mwana wake pakhomo, osamtumiza kusukulu. Aphunzitsi ambiri akamva zotere amakwinya nkhope, nayesa kuti kholo lotero ndi lonyada kapena laulesi. Koma mlandu sagamula asanamve mbali zonse, ndipo malo abwino omverako mlandu uwu ndiwo Misisi, komboni ya mu Lusaka.

Misisi ili chakummwera kwa pakati pa mzinda, pafupi ndi njanji ndi msewu wopita ku Kafue. Nyumba zake nzothithikana, ndipo maenje amene anthu anakumbamo miyala kale anasanduka maiwe. Mvula ikalimba madzi amasefukira m'tinjira ndi m'zimbudzi, ndipo kolera sachedwa kufika. M'chaka cha 2024 boma linalamula kuti sukulu, zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 January, zidikire chifukwa cha nthendayi, ndipo ana anabwerera m'makalasi pa 12 February. M'chaka cha 2020 sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa March chifukwa cha Covid-19, ndipo ana ambiri anakhala pakhomo kufikira September. Masiku onsewo mwana amene anaphunzira kanthu anaphunzira kwa amake, kwa mkulu wake kapena kwa mnansi wodziwa kuwerenga. Palibe amene anati makolo aja alakwa.

Tsono taganizirani mayi wa ku Misisi amene anafika Giredi 12, ali ndi mwana wodwaladwala, kapena wolumala miyendo, amene sangathe kuoloka matope tsiku ndi tsiku. Mayiyo agula choko ndi mabuku, nakhazika mwanayo pakhonde m'mawa uliwonse. Kodi lamulo limuona bwanji?

Lamulo la maphunziro la Zambia la m'chaka cha 2011 limati kholo lilembetse mwana wofika msinkhu kusukulu, ndipo lionetsetse kuti akupitako. Kholo lonyozera popanda chifukwa chomveka lingathe kuimbidwa mlandu. Lamulolo limazindikira mitundu inayi ya sukulu: za boma, zothandizidwa ndi boma monga za mishoni zambiri, za eni ake, ndi zomangidwa ndi anthu a m'dera. Funso lovuta ndi ili: khonde la mayi uja lilowa mu mtundu uti? Pamene njira sinalambulidwe bwino, kholo lokhulupirika limakhala ndi mantha, pomwe kholo losasamala limabisala mosavuta.

Mtundu wachinayi uja uli ndi mbiri yoyenera kuikumbukira. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 chuma cha dziko chinalowa pansi, makolo nayamba kulipira zambiri pa sukulu, malo m'makalasi nachepa, ndipo matenda a Edzi anachulukitsa ana amasiye. Anthu a m'makomboni sanakhale manja lende. Anasonkhanitsa ana m'matchalitchi, m'nyumba ndi pansi pa mitengo, nasankha pakati pao munthu wowaphunzitsa, wopanda yunifolomu kapena malipiro okhazikika. M'chaka cha 1992 munayamba mu Lusaka ntchito imene inakula nikhala bungwe la Zambia Open Community Schools. Sukulu zotere zinali ndi dongosolo lotchedwa SPARK, limene linapanikiza maphunziro a zaka 7 kuti athe m'zaka 4, kuti ana oyamba mochedwa apeze anzao. Kuyambira m'chaka cha 2000 wailesi inayamba kuulutsa maphunziro otchedwa Learning at Taonga Market, ana namvera m'magulu pamodzi ndi wowatsogolera wa m'dera momwemo. Zimene makolo anayamba okha boma linadzazilandira, ndipo pomaliza zinalowa m'lamulo la 2011. Phunziro lake nlakuti makolo anatsogola, lamulo linatsata pambuyo.

Ena adzati: nanga lero chovuta nchiyani, popeza sukulu nzaulere? Nzoona kuti boma linachotsa malipiro a Giredi 1 mpaka 7 m'chaka cha 2002, ndipo m'chaka cha 2022 linafikitsa maphunziro aulere ku Giredi 12, nililemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ichi ndi chinthu chachikulu choyamikika. Komatu ana atakhamukira kusukulu makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi aliyense adziwa kuti m'kalasi yodzaza mwana wochedwa kumva amatsalira osaoneka. Ulere wa sukulu suchotsa udindo wa kholo wofunsa ngati mwana wake akupinduladi.

Ufulu wa kholo pa nkhani iyi suli maganizo a dzulo. Chikalata cha ufulu wa anthu chimene United Nations inavomereza m'chaka cha 1948, pa ndime 26, chimaika makolo patsogolo posankha mtundu wa maphunziro a ana ao. Koma ndime yomweyo imatinso maphunziro oyamba akhale okakamiza. Maiko asenza mitolo iwiriyi mosiyana. Ku Germany kuphunzitsa ana pakhomo m'malo mwa sukulu nkoletsedwa. Ku United States nkololedwa m'zigawo zonse 50. Ku South Africa lamulo la sukulu la m'chaka cha 1996 limalola kholo kutero likalembetsa mwanayo kwa akulu a maphunziro a m'chigawo chake. Njira ya South Africa ndiyo yoyenera kuilingalira, pakuti imatsegula khomo koma osachotsa mlonda.

Mlondayo afunikadi, ndipo apa mpamene okonda ufulu wa makolo ayenera kunena zoona. Si mwana aliyense wokhala pakhomo amene ali kuphunzira. M'makomboni muli ana ophwanya miyala, ogulitsa malonda m'misewu ndi olera ang'ono ao. Kumidzi kuli oweta ng'ombe ndi atsikana okonzedwera ukwati nthawi isanakwane. Ngati mau akuti "ndimphunzitsa ndekha" akhala chofunda cha zoterezi, ndiye kuti ufulu wa kholo wadya ufulu wa mwana. Ufulu woyenera kutetezedwa ndiwo wa kuphunzitsa, osati wa kumana mwana maphunziro.

Chifukwa chake pali zinthu zitatu zimene aphunzitsi angapemphe pamene malamulo a maphunziro akambidwa. Choyamba, pakhale njira yapafupi ndi yosalipira yakuti kholo lilembetse mwana wophunzira pakhomo, kusukulu yoyandikana nayo kapena ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lake. Pakuti njira ikakhala yodula idzathandiza olemera okha, ndipo mayi wa ku Misisi adzatsala kunja. Chachiwiri, mwanayo aziyesedwa kamodzi kapena kawiri pa chaka pa kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo akapezeka kuti sakupita patsogolo abwezedwe m'kalasi. Chachitatu, mwana wotere akhale ndi mwayi wolemba mayeso a Examinations Council of Zambia monga anzake, popeza maphunziro opanda setifiketi amtsekera mwana makomo a mtsogolo.

Koma mphunzitsi wa kumudzi sayenera kudikira lamulo kuti achite chabwino. Iye adziwa mabanja okhala kutsidya kwa mtsinje umene suoloka m'dzinja, ndi ana aang'ono amene sangayende mtunda wautali. Mphunzitsi wanzeru ayendera banja lotero, naona ndi maso ake ngati pakhomopo pali buku ndi nthawi yophunzira. Akapeza kholo lakhama alibwereka mabuku, alionetsa zimene ana a msinkhu umenewo ayenera kudziwa pa teremu, naitana mwanayo ku masewera ndi ku kuyimba, kuti asakule wosadziwa kukhala ndi anzake. Akapeza kuti mwana angogwiritsidwa ntchito, alankhula ndi makolo poyamba, kenaka ndi a mfumu ndi komiti ya sukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu sulekeza pa ana olembedwa m'kaundula wa kalasi.

M'mera mpoyamba, ndipo poyamba pa mwana aliyense ndi pa miyendo ya amake. Sukulu inabwera kudzathandiza banja, osati kudzalilanda mwana. Anthu a m'makomboni a Lusaka anaonetsa kuti makolo osauka angathe kuyambitsa maphunziro pamene panalibe kanthu. Tsono kholo lofuna kuphunzitsa mwana wake moona lisayesedwe mdani wa sukulu, ndipo mwana wobisidwa pakhomo asaiwalike. Mphunzitsi amene asunga zonse ziwirizi ndiye wasunga udindo wake.