Kusiyanitsa Ndiwo za Masamba ndi Zitsamba Zofanana Nazo

Pa kanthawi kamene amayi apampando atipatsa, tifuna tikambirane za ndiwo zimene timathyola kudimba, kumunda ndi kuseri kwa khola. Mwina ena anena kuti, kodi mayi wamkulu nkumuphunzitsa bonongwe? Iyayi, bonongwe tonse timamudziwa. Koma kawirikawiri othyola ndiwo ndi ana amene timawatuma akaweruka kusukulu, ndipo mwana amangobudula chobiriwira chilichonse kuti lichero lidzaze msanga.

Mvula yoyamba ikagwa, bonongwe amamera wothithikana pamalo a manyowa, makamaka pakhola lakale la ng'ombe ndi kudzala. Tsono pamalo omwewo pamameranso chitsamba china choopsa chimene alangizi a zaulimi amachitcha Datura. Chikakula sichisokoneza munthu, pakuti chimachita maluwa oyera aatali onga lipenga, ndi chipatso chaminga chonga dzira la nkhuku. Pamene chimanyenga mpamene chili chanthete, chisanachite maluwa, chitabisala pakati pa bonongwe.

Tiyang'ane m'mbali mwa tsamba. La bonongwe ndi losalala, lopanda mano. La Datura ndi lalikulupo, ndipo lili ndi mano akuluakulu osalingana, ngati kuti mbuzi yalumako. Maso akakayika, tifunse mphuno. Fikisani tsambalo ndi zala: bonongwe alibe fungo lenileni, koma chinzakecho chimanunkha moipa, fungo lake nkukhalira m'manja. Chimodzimodzi pothyola mnadzi, chifukwa mnadzi ndi Datura ndi pachibale, ndipo zikakhala zazing'ono zimafananako. Mnadzi uli ndi timaluwa ting'onoting'ono toyera ndi tizipatso timene timada tikapsa. Taliwisi tobiriwirato tisalowe mumphika.

Amayi, tisadzinamize kuti moto ukonza zonse. Ululu wa Datura sutha ndi kuphika, ngakhale muthiremo chidulo kapena nsinjiro. Wodya amauma kukhosi, thupi limatentha, kamwana ka m'diso kamakula, mtima umathamanga, ndipo amayamba kubwebweta ndi kuona zinthu zimene palibe. Ambiri akaona zotere amathamangira kuganizira anzawo ufiti, pamene mlandu uli mumphika. M'chaka cha 2019 ku Uganda anthu mazana adadwala, ena nkumwalira, atadya phala la ufa umene mudalowa njere za chitsamba chomwechi.

Za chigwada tinenepo pang'ono. Mwana angathe kusokoneza chinangwa ndi msatsi wanthete, popeza masamba a zonsezi ali ngati zala za dzanja. Koma zala za tsamba la chinangwa ndi zosalala, ndipo mukathyola pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Tsamba la msatsi lili ndi timano ngati sowo, ndipo utomoni woyerawo palibe. Msatsi si ndiwo, ndiponso nsatsi zake zingathe kupha mwana akazitafuna. Ngakhale chigwada chenichenicho chili ndi ululu wake, kaya chinangwacho nchozuna kaya nchowawa. Nchifukwa chake makolo athu ankachisinja bwino mumtondo ndi kuchiwiritsa nthawi yaitali. Ife tionjezepo kuti mphika ukhale wosavundikira, kuti ululuwo uchoke ndi nthunzi. Chigwada chophika mothamanga, poti alendo afika, ife sitichivomereza.

Pempho lathu nali. Sabata ino aliyense atenge mwana wake kapena mdzukulu, apite naye kukhola, amuonetse zitsambazi zili chimerere, azigwire ndi kuzinunkhiza yekha. Lichero likafika pakhomo, tisankhe tsamba limodzilimodzi kusanade, osati pa kuwala kwa koloboyi. Ndipo wina akadwala atadya ndiwo, tisadikire kuti kuche. Tithamange naye kuchipatala, titanyamula ndiwo zotsalazo ndi masamba aawisi ngati alipo, kuti adokotala aone chimene wadya. Onse amene adadya nawo mbale imodzi apite pamodzi, ngakhale amene sadayambe kumva kanthu.