Amayi amene anaimitsa mabasi a ku Montgomery

 

Lero tipite ku America, mumzinda wa Montgomery, chigawo cha Alabama, chaka cha 1955. Ambirife nkhaniyi tinaimvapo mwachidule. Amati mayi wina, telala, dzina lawo Rosa Parks, atatopa ndi ntchito anakana kusiyira mzungu mpando m'basi, kenako m'busa Martin Luther King anatsogolera anthu mpaka tsankho la m'mabasi linatha. Imakoma kuimva, eetu. Koma ikafotokozedwa choncho amayi ambiri amasowamo, ndipo ntchito ya zaka pafupifupi khumi imaoneka ngati inachitika tsiku limodzi. Ndiye tiyeni tiimve bwinobwino.

Tiyambe ndi basiyo. Mipando 10 yakutsogolo inali ya azungu okhaokha, ngakhale itakhala yopanda munthu. Anthu akuda malo awo anali kumbuyo. Mipando yapakati munthu wakuda amatha kukhalapo, koma kutsogolo kukadzaza dalaiva amalamula mzere wonse kuti uime, cholinga mzungu asakhale moyandikana ndi munthu wakuda. Nthawi zambiri umalipira khomo lakutsogolo, n'kutsika, kukalowera khomo lakumbuyo. Madalaiva ena amangoliza basi iwe uli panja, ndalama utapereka kale. Chonsecho pa anthu anayi aliwonse okwera, atatu anali akuda, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu: ophika, ochapa, olera ana. Amene ankadyetsa kampani ya mabasi ndi omwewo amene ankatukwanidwa.

M'chaka cha 1946 Mayi Mary Fair Burks, mphunzitsi pa koleji ya anthu akuda ya Alabama State, anayambitsa gulu la amayi lotchedwa Women's Political Council. Ntchito yawo yoyamba inali kuthandiza anthu akuda kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Mu 1950 utsogoleri unapita kwa mphunzitsi mnzawo, Mayi Jo Ann Robinson. Mayi ameneyu anali atachititsidwapo manyazi ndi dalaiva mu Disembala 1949 chifukwa chokhala kutsogolo m'basi yomwe inali pafupifupi yopanda anthu. Sanaiwale. Gululo linayamba kusonkhanitsa madandaulo a okwera mabasi n'kumakawatula kwa akuluakulu a mzinda. Pa 21 Meyi 1954 Mayi Robinson analembera kalata meya wa mzindawo, W. A. Gayle, kumuchenjeza kuti zinthu zikapanda kusintha anthu akuda adzanyanyala mabasi. Mwaiona detiyo? Kunali kutatsala chaka ndi theka kuti Mayi Parks amangidwe.

Komanso Mayi Parks sanali oyamba kukana. Pa 2 Malichi 1955 mtsikana wasukulu wa zaka 15, Claudette Colvin, anakana kuima ndipo apolisi anachita kumukoka kumutulutsa m'basi. Atsogoleri ena anaona kuti iyeyo sangakhale nkhope ya nkhondoyi: ndi mwana, wochokera kubanja losauka, ndipo patapita miyezi anapezeka woyembekezera. Inu mukudziwa mmene anthu amaweruzira mtsikana woteroyo. Mu Okutobala chaka chomwecho Mary Louise Smith wa zaka 18 anamangidwanso pa mlandu womwewo. Sungani maina awiriwa, tiwapezanso kutsogoloku.

Nanga Mayi Parks anali ndani? Anali ndi zaka 42, ankasoka zovala pa sitolo ina yaikulu mumzindawo. Koma kuyambira 1943 analinso mlembi wa nthambi ya Montgomery ya bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda. Mu 1944 mayi wachichepere wakuda, Recy Taylor, anagwiriridwa ndi amuna achizungu ku Abbeville akuchokera kutchalitchi. Amene anatumidwa kukamva nkhaniyo ndi kuyambitsa kampeni yofuna chilungamo anali Mayi Parks. Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa mlandu, koma nkhani ya Recy Taylor inamveka dziko lonselo. Ndiye pamene dalaiva James Blake ankawalamula kuti aime, Lachinayi pa 1 Disembala 1955, ankalankhula ndi munthu amene anali atatha zaka 12 akulemba milandu ya nkhanza. Iwo eni pambuyo pake anaitsutsa nkhani ija yoti chinawakhazika pansi ndi kutopa kwa thupi.

Tsono tamverani zimene zinachitika usiku womwewo. Uthenga utawapeza Mayi Robinson, sanadikire msonkhano. Anapita kukoleji, iwo ndi mphunzitsi mnzawo mmodzi ndi ophunzira awiri, n'kuchezera pa makina ochulukitsira mapepala. Kukucha anali ndi timapepala tosachepera 35,000 topempha munthu aliyense wakuda kuti Lolemba pa 5 Disembala asakwere basi. Lachisanu timapepalato tinafika m'masukulu, m'masitolo, kometera ndi kokonzera tsitsi. Zinatheka bwanji msangamsanga choncho? Chifukwa gulu lija linali litagawana kale madera, aliyense akudziwa woti akamupatse. Mayi Robinson sakanatha kudzionetsa poyera, popeza anali pa ntchito ya boma, akanachotsedwa.

Lolemba mabasi anayenda opanda anthu. Tsiku lomwelo khoti linagamula Mayi Parks kuti alipire chindapusa cha madola 10 ndi madola 4 a khoti. Masana atsogoleri anakumana n'kukhazikitsa bungwe la Montgomery Improvement Association, ndipo anasankha m'busa wa zaka 26, Martin Luther King, kukhala wapampando. Madzulo ku tchalitchi cha Holt Street Baptist kunasonkhana chinamtindi cha anthu. Mayi Parks anaimiritsidwa, anthu anawomba m'manja, koma mwayi wolankhula sanapatsidwe.

Musandimve molakwa, amayi. Abusa a King anagwira ntchito yaikulu, ndipo pa 30 Januwale 1956 nyumba yawo inaponyedwa bomba mkazi wawo Coretta ndi khanda ali momwemo. Bambo E. D. Nixon, amene anakawatulutsa Mayi Parks pa belo, nawonso anali munthu wolimba mtima. Mutu umodzi susenza denga. Koma dengalo likakwera, tiziwerenga mitu yonse imene inalisenza.

Kunyanyala kwa tsiku limodzi kuja kunatenga masiku 381. Anayenda pansi ndi ndani? Amayi aja ophika ndi ochapa, mtunda wautali, m'mamawa ndi madzulo, m'mvula ndi m'nyengo yozizira. Madalaiva akuda a matakisi anayamba kunyamula anthu pa masenti 10, mtengo wa basi, koma akuluakulu a mzinda anawaopseza ndi chindapusa. Ndiye anthu anasonkha galimoto zawo, pafupifupi 300, zoti zizinyamula anzawo. Galimoto imafuna mafuta, matayala, inshuwalansi. Apa m'pamene panatulukira Mayi Georgia Gilmore, wophika. Anasonkhanitsa amayi anzawo kumaphika nkhuku ndi makeke n'kumagulitsa, ndalama zake n'kukazipereka pa misonkhano ya kutchalitchi. Gulu lawo analitcha Club from Nowhere, kutanthauza kuti ndalamazo sizidziwika kochokera, pofuna kuteteza amayi amene akanachotsedwa ntchito mabwana awo akanadziwa. Iwo eni Mayi Gilmore ntchito inawathera atakapereka umboni kukhoti mu 1956.

Tifike ku khoti tsopano. Mlandu umene unathetsa tsankho la m'mabasi sunali wa Mayi Parks ayi, chifukwa wawo unali m'makhoti a chigawo momwe ukanachedwetsedwa dala. Pa 1 Febuluwale 1956 loya wachinyamata Fred Gray anakasuma ku khoti la boma lalikulu m'malo mwa amayi. Amene anaima mpaka kumapeto anali anayi: Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin. Inde, mtsikana uja amene anamuona ngati wosayenera. Mlanduwo umatchedwa Browder v. Gayle. Pa 5 Juni 1956 oweruza awiri mwa atatu anagamula kuti tsankho la m'mabasi likuphwanya malamulo aakulu a dziko. Pa 13 Novembala khoti lalikulu kwambiri la America linagwirizana nacho chigamulocho, ndipo pa 21 Disembala 1956 anthu akuda anakweranso mabasi, aliyense pampando umene wafuna.

Koma walira mvula walira matope. Mayi Parks anachotsedwa ntchito mu Januwale 1956, amuna awo a Raymond nayonso ntchito inawathera, mafoni oopseza osaleka. Mu 1957 anasamukira ku Detroit, komwe anavutika zaka zingapo asanapeze ntchito yokhazikika mu 1965 mu ofesi ya phungu John Conyers. Mayi Robinson anachoka pakoleji paja mu 1960, ndipo buku lofotokoza mbali yawo linatuluka mu 1987. Pa msonkhano waukulu wa ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, palibe mayi amene anapatsidwa malo pakati pa olankhula akuluakulu. Mayi Parks atamwalira mu 2005 thupi lawo linagonekedwa mwaulemu ku nyumba ya malamulo ya Capitol, mayi woyamba kulandira ulemu umenewo. Claudette Colvin mlandu wake wa paubwana unafufutidwa m'mabuku a khoti mu 2021, patatha zaka 66.

Ndiye tikutolapo chiyani, amayi? Tsiku la kulimba mtima limabala zipatso ngati lapeza anthu atakonzeka kale: madandaulo olembedwa, kalata zotumizidwa, madera ogawidwa, thumba la ndalama. Ntchito zimenezi sizijambulidwa, koma popanda izo Lolemba lija mabasi akanadzaza monga mwa masiku onse. Chinanso, tisamafulumire kutaya mtsikana chifukwa choti mbiri yake siikutikomera, pakuti amene anakanidwa mu 1955 ndi amene anakaima pamaso pa oweruza mu 1956. Ndipo inu alembi athu, polemba malipoti muzilemba maina onse: wolankhula, wophika, wogawa timapepala, wosunga ndalama.

Wina akadzakufunsani za mabasi a ku Montgomery, mutchuleni Rosa Parks, koma musalekere pomwepo. Mutchulenso Mary Fair Burks, Jo Ann Robinson, Georgia Gilmore, Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin.