Zaka za atsogoleri a masikauti kwathu zilembedwe



Nthawi zambiri ife ana a ku Ntcheu tikakumana chonchi muno mu Johannesburg timakamba za thumba lotumizira maliro kumudzi. Lero ndilankhulako za anthu amoyo: abambo ndi amayi amene amatsogolera masikauti m'masukulu a kwathu, osalandira ngakhale tambala.

Ineyo ndinaleredwa ndi mmodzi wa iwo. Loweruka ankatisonkhanitsa pabwalo la sukulu n'kumatiphunzitsa kumanga mfundo za chingwe, kusamalira wovulala, kukoleza moto nkhuni zili zonyowa. Anatero zaka zoposa 20, m'masukulu atatu. Anzawo atafuna kuti mkuluyu alemekezedwe, anafunsidwa umboni wa zakazo. Panalibe pepala. Ankati akasamutsidwa, mbiri yawo inkatsala pasukulu yakaleyo, m'mitima mwa ana basi. Anatisiya opanda ndi kalata yomwe yowathokoza, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Musawaipire mtima ofunsa umboniwo. Usikauti umawerenga zaka. Ku Britain, kumene Baden-Powell anauyambitsa mu 1907, mtsogoleri amayamba kuzindikiridwa akakwanitsa zaka 5. Mendulo ya Silver Acorn kawirikawiri saipereka zaka 20 zisanakwane, ndipo Silver Wolf imadikira zaka ngati 30. Zaka zokhanso sizikwanira, ntchito iyenera kuoneka. Lamulo lotere ndimalivomereza, chifukwa limaletsa wobwera dzulo kulanda ulemu wa amene anakalambira pantchito. Koma limawerenga zaka zolembedwa zokha, ndipo kwathu talemba zochepa. Kumbukirani kuti m'nthawi ya chipani chimodzi usikauti unazilala, achinyamata ankapita ku Payoniya. Unadzukanso zinthu zitasintha, ndipo bungwe la masikauti la dziko lonse linalandira Malawi mu 2005. Amene anaudzutsa aja akukalamba tsopano.

Pali chinanso chimene ife a kwa Gomani tiyenera kudziwa. Mtsogoleri akamaliza maphunziro a Wood Badge amavala mikanda iwiri ya mtengo m'khosi. Mikanda yoyamba, imene inaperekedwa ku Gilwell Park mu 1919, inachotsedwa pa mkanda wa Dinuzulu, mfumu ya Azulu, mwana wa Cetshwayo. Baden-Powell anautenga mu 1888, pankhondo, ndipo pamenepo palibe chonyadira. Komabe chizindikiro chimene atsogoleri amavala padziko lonse chinachokera kuno kummwera, kumene makolo athu a Maseko ananyamukira ulendo wokathera ku Lizulu. Ndiye mphunzitsi wa ku Tsangano kapena ku Kasinje alephere kuchivala chifukwa chosowa ndalama ya basi yopitira kumaphunziro?

Pempho langa nali. Tipatule kangachepe m'thumba lathu, tigulire gulu lililonse kaundula wachikuto cholimba, wolembamo dzina la mtsogoleri, tsiku limene anayamba, ndi siginecha ya ahedi chaka ndi chaka. Tiwalipirire zolembetsera ku Scout Association of Malawi kuti zaka zawo zidziwike kulikulu. Ndipo chaka chilichonse titumize mmodzi kapena awiri kumaphunziro a Wood Badge.

Amene mudzapite ku mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, mudzatinyamulire makaundulawo. Alembi, kope liyambe kuzungulira: aliyense alembe sukulu ya kwawo ndi mtsogoleri amene akumukumbukira, kaya ali moyo kaya anatsogola.